Nkhuku Yopanda Mafupa

Zimene ndataya kuyambira Juni wa chaka chatha:

Mkazi wanga, Esnart.
Tulo ta m'bandakucha.
Mnofu wokwana mabowo awiri a lamba.
Galasi la kumanzere la galimoto.
Nthutumba imodzi ya nkhuku.

Za choyambacho sindilemba zambiri. Esnart anamwalira pangozi ya minibasi m'mawa wina akupita kuntchito ku Lusaka, ndipo zimenezo zikukwanirani. Ndilemba za chomalizacho, chifukwa kanyama kameneko, kokwana m'dzanja la mwana, kanatsala pang'ono kunditayitsa mwana wanga weniweniyo.

Mwanayo ndi Takondwa, wa zaka zisanu. Ine ndi banja la mkazi wanga tonse ndife anthu a kum'mawa amene makolo athu anabwera kuno ku Kafue kutsatira njanji ndi mafakitale. Apongozi anga anabwerera ku Katete amuna awo atapuma ntchito, koma mwambo wokha sunapume: mwana ndi wa kuchikazi. Tsiku limene tinkachotsa tenti ya maliro, amalume ake a Esnart, a Phiri, amene anagwira ntchito m'sitima zaka makumi atatu, anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Mwana akhale ndi atate ake chaka chimodzi, misozi iume," anatero. "Chaka chikatha tidzabwera tidzaone."

Ndinavomera. Pamaliro munthu amavomera chilichonse, ngakhale tiyi wachinayi.

Mu Malichi apongozi anga aakazi, aNaphiri, anatulukira osanena. Anapeza Takondwa akudya chakudya chamadzulo: banzi ndi dzira lowiritsa. (Dzulo lake anadya dzira lowiritsa ndi banzi, choncho musanene kuti sitinkasinthako.) Analowa kukhitchini, anavundukula mphika waukulu wa Esnart, anapezamo kangaude ndi banja lake. Apongozi anga sakalipa. Amangoti "Ooh," kenako munthu amakumva m'mafupa kwa sabata. Patapita masiku atatu amalume anaimba foni. Anati sabata yoyamba ya Julaye akubwera ndi mlongo wawo, ndipo abwera ndi chikwama chopanda kanthu.

Munthu wanzeru akanagogoda khomo loyandikana nalo. Nyumba yathu ku Kafue Estates ndi yogundana ndi ya Bana Mwape, mayi wa Chibemba amene amakazinga vitumbuwa pakhonde m'mawa uliwonse, ndipo walera ana asanu popanda kuwerenga buku la zophikaphika. Koma ine ndinapita kukoleji. Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale. Anthu a mtundu wathu sitikhulupirira chidziwitso chopanda satifiketi. Ndinakalembetsa kusukulu ina yophunzitsa kuphika ku Lusaka, ya Loweruka lokha, ndinagula epuloni yoyera, mipeni itatu ndi kope la chikuto cholimba.

Mphunzitsi wathu tinkangomutchula kuti Shefu. Ndi bambo wamfupi wa chisoti chachitali, amene anaphikira azungu m'mahotela kwa zaka zambiri ndipo anakhalako kunja kwa dziko nyengo imodzi ya chisanu. Nyengo imodziyo anaitambasula mpaka inakwana miyezi yonse ya maphunziro athu. Tikadandaula kuti kukuzizira, iye ankati, "Simunaone kuzizira imwe. Ine nayendetsapo motoka pa chipale chofewa chofika m'maondo, na keke ya ukwati kumbuyo." Ndipo ife, atsikana khumi ndi awiri ofuna ntchito m'mahotela ndi ine wamasiye mmodzi, tinkayankha pamodzi, "Inde, Shefu!" Yankho lina kunalibe. Ngakhale utadzicheka chala: Inde, Shefu.

Sabata yachisanu ndi chiwiri inali ya nkhuku. Shefu anaigoneka pathabwa, anailowetsa mpeni ngati akuivula jekete, ndipo m'mphindi zinayi mafupa onse anali pambali.

"Mlendo sayenera kulimbana na fupa," anatero. "Lembani."

Ndinalemba. Ndinadula mzere kunsi kwake.

"Khosi, mapazi, chiwindi, nthutumba, vonse mumphika na mafupa. Viwire maola awiri. Mukasefa, msuzi ndiye chuma. Votsala mu sefa tayani, vagwira kale nchito yake."

Inde, Shefu. Pamayeso a tsiku limenelo ndinapeza malikisi apamwamba kuposa aliyense. Ndikutchula zimenezi kuti mudziwe kuti zomwe zinachitika pambuyo pake sizinachitike chifukwa cha ulesi. Ndinalimbikira kwambiri kuti ndifike pa uchitsiru umenewu.

Panalinso za kuthamanga. Kuyambira pamaliro ndimadzuka hafu folo, ndipo tulo sitibweranso. Poyamba ndinkangoyang'ana denga. Kenako ndinagula nsapato zothamangira. Bana Mwape akayatsa mbaula yawo pakhonde ndimawasiyira kiyi, Takondwa ali mtulo, ine n'kutsetsereka mpaka kunjanji, kuzungulira kumsika, n'kubwerera. Mu Juni mphepo ya kumtsinje imaluma makutu, mpweya umatuluka m'kamwa ngati utsi, zala zimauma. Ndimaikonda nthawi imeneyo chifukwa munthu sangaganize za zinthu ziwiri, mapapo ndi chinacho. Anthu a m'dera lathu amaganiza zina.

"Bashi Takondwa," anatero Bana Mwape tsiku lina akutembenuza vitumbuwa (kwawo bambo amamuitanira dzina la mwana wake), "bazimai ba ku mapemphero ya kuseni bakamba ati pali chinthu chakuda chimabapitilila mu mdima, chipuma monga ng'ombe. Bachiika pa pemphero."

"Mwawauza kuti ndine?"

"Awe. Lekani bapemphere, mufunika mapemphero imwe."

Alendo anati afika Lolemba la holide, wani koloko masana, kuchokera kwa achibale ku Lusaka kumene anagona. Ndinakonza ndondomeko papepala, mphindi ndi mphindi, n'kuimata pafuliji. Chinthu chimodzi chokha cha kwathu ndinachikumbukira: apongozi sawaphikira nkhuku ya m'sitolo. Amawaphera yamoyo, ya kumudzi. Ndinapangana ndi mayi wina wa ku Shimabala amene amaweta nkhuku kuti ndikatenge m'mawa.

Tsikulo kunacha ndi chifunga chimene sindinachionepo. Pothamanga ndinkamva agalu osawaona. Pofika seveni koloko chinali chisanachoke, chitagona pamsewu wa ku Lusaka ngati thonje. Ndinalowa m'kagalimoto kathu kakale, ndinayatsa magetsi onse amene kali nawo, ophethira omwe, ndinagwira chiwongolero ndi manja awiri ngati mwana wa sukulu yoyendetsa. Mathiraki ankatulukira kutsogolo mwadzidzidzi ngati nyumba zoyenda. Ndili ndi zifukwa zanga zoyendera pang'onopang'ono pamsewu umenewu. Ndinakumbukira Shefu ndi keke yake pa chipale chofewa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayamba kukayikira nkhaniyo.

Ku Shimabala mayi uja anandilozera misoti iwiri yonenepa. Ine ndinaloza tambala wamkulu wofiira amene anaima pamwamba pa khola ngati mwini munda.

"Uyo ni mudala," anatero mayiyo. "Afuna moto wa tsiku lonse."

"Ndili ndi njira yake," ndinatero. (Njirayo inali m'kope: mphindi khumi ndi ziwiri.)

Anamumanga miyendo ndi kansalu, nandiuza kuti ndimuike kubuti. Ndinakana. Ndinawafotokozera mayi woweta nkhuku uja kuti kubuti kulibe mpweya wokwanira. Ndinamugoneka pansi kumpando wa kumbuyo.

Pobwerera minibasi ina inandikakamira kumbuyo, ikuliza hutala. Itapeza mpata inandidutsa, kondakitala atatulutsa thupi lonse pawindo.

"Ba mudala! Ni maliro?"

Ndinagwira chiwongolero zolimba.

Tambala ndiye anayankha. Mmene anamasulira kansalu kaja sindikudziwa. Ndinangomva mapiko, kenako kulira kwa tambala wathunthu mkati mwa khutu langa lakumanzere. Amene simunamvepo tambala akulira m'galimoto yotseka mawindo, musafune. Anadumphira paphewa panga, kuchoka apo padashibodi, n'kutambasula mapiko pagalasi lakutsogolo, pomwe ndinkaonera kamsewu kochepa kamene chifunga chinandisiyira. Ndinakhotera kumanzere. Galasi la pambali linagunda mulu wa matumba a makala, n'kutsala pomwepo, ndipo galimoto inatsikira m'ngalande mwaulemu, pang'onopang'ono, n'kuzima.

Ndinatuluka, ndinatseka chitseko. Abambo atatu ogulitsa makala anatulukira m'chifunga. Anayang'ana ine, anasuzumira m'galimoto. Tambala anali ataima pampando wa dalaivala, akuyang'ana kutsogolo.

"Ni uyu enze kuyendetsa?" anafunsa mmodzi.

"Ali na laisensi?" anatero wina.

Anandikankhira galimoto mpaka pamsewu, akuseka mpaka kutsokomola. Wachitatu, wachikulire, anamugwira tambala ndi dzanja limodzi, anamumanga ndi waya wa thumba la makala, n'kumuponya kubuti. Za mpweya sindinatchulenso.

Ndinafika kunyumba teni koloko, ndondomeko itatsalira ndi ola ndi theka. Apa ndinazindikira kuti kusukulu kwathu nkhuku zimabwera zitafa kale, m'pulasitiki. Ndinaima kuseri kwa nyumba ndi mpeni wanga wodula kwambiri, tambala ali pansi pa phazi langa, tikuyang'anana. Takondwa anakhala pasitepe atagwira chibwano.

"Adadi, mukumupempherera?"

Bana Mwape anadutsa pampata wa mpanda, anandilanda mpeni, ndipo nkhani inatha ndisanatembenuke bwino. Anandithandiza kumusosola ndi kumutumbula. Anatulutsa nthutumba, yaikulu, yofiirira, anaing'amba, anaitsuka, anaiika payokha m'kambale.

"Inondo iyi," anatero m'chilankhulo chawo. "Lekani niphike ine, bashi Takondwa. Bapongozi sibazaziba."

"Chimenecho ndi chinyengo, Bana Mwape. Abwera kudzaona ngati ineyo ndingathe."

"Ni sukulu iyi," anatero akupukusa mutu, n'kunyamula beseni lawo la vitumbuwa kupita kumsika.

Ndinavala epuloni. Ndikuuzeni zoona, ntchito ndinaigwira bwino. Ndinamuvula tambala mafupa onse popanda kung'amba khungu. Chidali ndinachipapatiza, ntchafu ndinazikulunga ndi masamba a repu mkati n'kuzimanga ndi ulusi. Mafupa, khosi, mapazi, chiwindi, ndi nthutumba ija ya m'kambale, zonse mumphika, monga mwa kope. Patapita maola awiri ndinasefa. Msuzi unatuluka woyera ngati tiyi wopanda mkaka. Zotsala m'sefa zinali zitagwira kale ntchito yake. Ndinazikhuthulira m'mbale yakale, ndipo Takondwa anapempha kuti akampatse yekha Denja, galu wa Bana Mwape. Ndinamuyamikira chifukwa chokonda nyama.

Nshima sindinaphike. Ndinasinja mbatatesi ndi batala, n'kuiumba ndi kapu kuti iime ngati kansanja. Nyama ndinaikazinga mphindi khumi ndi ziwiri ndendende, foni ikuwerenga. Pambale iliyonse ndinaika zidutswa zitatu zotsamirana, kansanja ka mbatatesi, ndi kamzere ka msuzi kokokedwa ndi msana wa supuni. Shefu ankati mbale iyenera kupuma. Zanga zinkapuma kwambiri.

Anafika wani koloko. Amalume anavala chijasi chawo cha masiku a m'sitima, ndodo m'manja. Apongozi ananyamula chikwama chabuluu, ndipo mmene chinkapepukira aliyense akanadziwa kuti mulibe kanthu. Anachiika pafupi ndi chitseko. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, tinafunsana za ulendo, za mvula ya chaka chatha, za odwala. Takondwa anakwera pamiyendo ya agogo ake. Ndinabweretsa madzi ofunda, ndinawasambitsa m'manja, kenako ndinaika pamaso pa aliyense mbale yake, foloko kumanzere, mpeni kumanja.

Amalume anayang'ana manja awo onyowa, anayang'ana foloko.

"Ndasamba kuti ndigwire chitsulo?"

Kenako anayang'ana mbale. Anaizungulitsa pang'ono, ngati mwina chakudya chili mbali inayo.

"Apongozi, ichi n'chiyani?" anandifunsa.

"Nkhuku, amalume. Ya kumudzi. Ndakatenga ndekha ku Shimabala m'mawa uno."

"Nkhuku." Anabaya chidutswa chimodzi ndi foloko, anachikweza, anasuzumira kunsi kwake. "Ili moyo inkayenda bwanji?"

"Mafupa ndachotsa, amalume. Kuti mlendo asalimbane ndi fupa."

"Ndani anakuuzani kuti ndinakangana ndi fupa?"

Anayesa kudula. Mpeni unayenda uku ndi uku, nyama osagonja. Tambala amene wapalasa nthaka ya ku Shimabala zaka zinayi samva za mphindi khumi ndi ziwiri. Amalume anakanikiza, chidutswa chinaterereka, chinagwetsa kansanja ka mbatatesi, n'kukatera patebulo pafupi ndi apongozi. Apongozi anati, "Ooh."

"Kulimba sindidandaula," anatero amalume akuika mpeni pansi. "Ndadya nyama za m'masiteshoni zaka makumi atatu, mano anga anaona zambiri. Ndingofunsa chimodzi. Nthutumba ili kuti?"

Tsopano, inu amene mukuwerenga mukudziwa, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti inenso ndinkadziwa. Ndinakulira m'nyumba imene nkhuku ya mlendo imabwera yonse m'mbale imodzi yovundikira: miyendo iwiri, ntchafu ziwiri, mapiko, msana, khosi, chiwindi, nthutumba pamwamba. Wamkulu amavundukula, amawerenga ndi maso, amatenga nthutumba, kenako amagawira ena. Ikasowa, ndiye kuti mwamupatsa makombo a nkhuku imene wina anayamba kale, kapena mukumuuza kuti pakhomo pano wamkulu si iye. Ndinaona atate anga akubweza mbale chifukwa cha zimenezi ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Miyezi itatu ya "Inde, Shefu" inafufuta zonsezo. (Ndipo ndikukhulupirira kuti Shefu mwiniwakeyo, apongozi ake akamuyendera, sachotsa fupa ngakhale limodzi.)

Munthu amene m'mawa womwewo anakana chinyengo anatsegula pakamwa.

"Ili kukhitchini, amalume. Ikumalizika kupsa. Imabwera payokha."

"Payokha."

"Ndi ulemu wake. Kusukulu amatero."

"Tidikira," anatero amalume, n'kupinda manja.

Ndinatulukira khomo la kuseri. Denja anali atagona padzuwa pafupi ndi mbale yonyambitidwa bwino, ndipo anandigwedezera mchira ngati mnzake wapamtima. Bana Mwape anali atangobwera kumsika. Ndinawanong'oneza pampanda.

"Mayo! Mwapasa imbwa inondo ya bamalume?" Anagwira kumutu. "Imwe ba Ticha, banakuphunzitsani chani ku Lusaka?"

Sindinadikire zotsalazo. Galimoto ikanamveka polira, choncho ndinathamanga. Miyezi khumi ndi iwiri yodzuka hafu folo inapeza ntchito tsiku limenelo. Ndinadutsa Estates yonse masanasana nditavala epuloni yoyera ndi nsapato za kutchalitchi, ana akundithamangira kumbuyo, wina akukuwa kuti, "Ba Ticha, chapsa chani?" Pafupi ndi siteji ya mabasi pali mayi amene amakazinga nthutumba n'kuzibaya pakamtengo, zisanu zisanu.

"Imodzi chabe," ndinatero ndikupuma ngati ng'ombe ija ya kumapemphero.

"Sitigulitsa imodzi, boss. Ni kamtengo."

Ndinatenga kamtengo. Pobwerera ndinadya zinayi ndikuthamanga, kuti pasakhale umboni. Mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kupita ndi kubwera. Sindinathamangepo choncho, ndipo palibe amene ndingamuuze monyadira.

Kukhitchini ndinapeza mbale yovundikira ili pachitofu, muli msuzi wanga uja, wina ataukoleretsa ndi tomato ndi anyezi. Ndinadziwa kuti ndi Bana Mwape, ndinawadalitsa mumtima, koma sindinafunse kuti achitanso chiyani. Ndinatsegula chivundikiro pang'ono, ndinaponyamo nthutumba yanga, ndinapukuta thukuta ndi epuloni, n'kulowa pabalaza. Ndinagwada, ndinaika mbale pamaso pa amalume.

"Moto wa kukhitchini kwanu ndi waukali," anatero akuyang'ana malaya anga onyowa.

Anavundukula. Anamiza supuni, anavuula nthutumba. Inali yaing'ono, yotuwa, ya nkhuku ya m'sitolo imene sinaonepo dzuwa. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Koma nthutumba ndi nthutumba. Anati "Ehe," anaiika pambale pawo, ndipo ndinamva mapewa anga akutsika. Anakankhira mbale kwa mlongo wawo kuti athire msuzi pambatatesi ya mwana.

Apongozi anamiza supuni. Anaikweza. Pasupunipo panali nthutumba.

Kunja Denja anauwa kamodzi. (Bana Mwape anandiuza pambuyo pake kuti anali ndi paketi mufuliji, anakazinga imodzi mwachangu n'kuiponyamo kuti andipulumutse. Ananditumizira uthenga pafoni. Foni inali pafuliji, pambali pa ndondomeko.)

Amalume anatenga yachiwiriyo, anaigoneka pafupi ndi yoyamba, anazilinganiza bwino ndi foloko.

"Apongozi," anatero mofatsa, "ine sukulu sindinapite nayo patali. Inu ndinu aphunzitsi a sayansi. Tifotokozereni nkhuku iyi. Mafupa ilibe, nthutumba ili nazo ziwiri."

Ndinatsegula pakamwa. Ndikuganiza kuti ndinkafuna kunena za mitundu yatsopano ya nkhuku. Mulungu anandichitira chifundo, kapena ayi, chifukwa Takondwa anandiyambirira.

"Izo si zake, agogo. Yake inali yaikulu chonchi." Anaonetsa chibakera. "Anadya Denja. Ndinamupatsa ndine, adadi anati ndine mwana wabwino."

"Denja ndani, mwanawe?"

"Galu."

Amalume anapukuta pakamwa pomwe panalibe choti apukute. Anaimirira, anatenga ndodo.

"Ndakwera basi kuchokera ku Katete," anatero, osayang'ana ine koma khoma, "kudzadya pambuyo pa galu." Kenako kwa mlongo wawo: "Longedzani zovala za mwana."

Apongozi anatenga chikwama chabuluu, analowa kuchipinda. Takondwa anawatsatira akudumphadumpha, akufunsa ngati ku Katete kuli mbuzi. Amalume anatuluka kukakhala pakhonde. Ine ndinasonkhanitsa mbale, ndinapita kukhitchini, ndinatsegula mpopi. Ndinatsuka mipeni yanga itatu, umodzi umodzi, ndinaipukuta, ndinaitsukanso. Kudzera pakhoma ndinkamva chitseko cha wadiropu, mahang'ala akugundana, kenako zipi ikutsekeka.

Ndikuuzeni mapeto ake kaye, kuti musavutike. Takondwa sanapite. Amalume anandilipiritsa tambala wamoyo, woti ndikamupereke ndekha ku Katete mu Ogasiti ali ndi ziwalo zake zonse, ndipo asananyamuke anadya nthutumba ziwiri zija, ati kuti galu asazipezenso. Apongozi anatsala masabata atatu. Anandiphunzitsa kudula nkhuku motsata mfundo zake, kutendera ndiwo, ndi kuluka tsitsi la mwana mosamukoka misozi. Kope langa analigwiritsa ntchito kukupizira mbaula. Kusukulu ndikupitabe. Loweruka lapitali tinachotsa minga m'nsomba, ndipo ndinapezanso malikisi apamwamba. Satifiketi ituluka mu Okutobala, ndipo ndagula kale felemu.

Koma chimene chinasintha zinthu si chakudya. Zipi ija itatsekeka, apongozi analowa kukhitchini. Kuyambira tsiku limene ndinakwatira mwana wawo, ine ndi iwo tinali tisanakhalepo awiri m'chipinda chimodzi, kwathu sizichitika. Ndinasunthira kukona. Iwo anavundukula mphika wa msuzi wotsala, analawa ndi supuni, anathiramo mchere, analawanso.

"Msuzi ndi wabwino," anatero. "Mwataya nkhuku, mwasunga madzi."

"Inde, amayi."

"Zovala za mwana n'zoyera. Kupinda simudziwa, koma n'zoyera. Tsitsi amamuluka ndani?"

"Ine."

"Zikuoneka."

Anayang'ana pawindo, atagwirabe supuni.

"Anthu anandiuza za basi," anatero. "Anandiuza za chipatala, za ola lake. Palibe anandiuza kuti mwana wanga pakhomo pano anachoka bwanji. Inu ndinu munamuona pomaliza. Anati chiyani?"

Chaka chonse palibe anali atandifunsa funso limenelo, ndipo ndinkathokoza, chifukwa si mawu oti abusa angawawerenge pamanda. Ndinatseka mpopi, ndinawauza. Iwo anaika supuni pansi, anapukuta manja pachitenje, anabwerera kuchipinda. Patapita kanthawi ndinamva zipi ikutseguka, ndi Takondwa akudandaula kuti nanga mbuzi.

M'mawa wa ngoziyo kunali kusanache bwino. Ndinatuluka ndi Esnart mpaka pageti nditavala kabudula ndi patapata, ndikunjenjemera, kuti ndimuperekeze kusiteji monga ndinkachitira nthawi zina. Iye anandikankha paphewa ndi chikwama chake, osatembenuka n'komwe, chifukwa anali atamva kale hutala ya minibasi kumsewu.

"Musandiperekeze, kukuzizira. Bwererani mukamufunditse mwana, wagwetsanso bulangeti."